Kanyemba ka pa Impso

Ku Kande kunalibe munthu wonyadira manja ake ngati Christina NyaMphande. Anali mzamba, ndipo theka la amuna amene ankakoka makoka pagombe analandiridwa ndi manja amenewo tsiku limene anabadwa. Akakangana ndi bambo wandevu zake pa nkhani ya malire a munda wa chinangwa, sankataya mawu ambiri. Ankangomuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Iwe ndinakudula mchombo ndine," basi mlandu watha pomwepo.

Mwamuna wake anamwalira kalekale. Mwana wake mmodzi yekhayo, Killion, anali ku Joni monga anyamata ambiri a kunyanja masiku amenewo, ndipo pofika chaka cha 1953 anali atatha zaka zitatu osaponda kwawo. Mkazi wake, Lydia NyaKamanga, anamusiya m'manja mwa amayi ake asanaone mwana. Lydia anali wamtali, wowonda, wa mawu okoma m'kwaya ya mpingo, ndipo akagwira munsi makaka a chinangwa ankasanduka ufa anzake akadali kupumira. NyaMphande ankamutchula kuti mkamwana wanga, ndipo ankatchula mokweza kuti ndi a tsidya la msewu amve.

Choyamba kusintha chinali nkhope ya Lydia. Inayamba kudzaza, masaya n'kutuluka, mpaka inazungulira ngati dzungu. Amayi a pachitsime anati, "Onani mmene NyaMphande akusungira mwana wa eni ake!" Iye mawu amenewo anawalandira ndi manja awiri. Kunenepa ndi umboni wa mtendere, ndani sakudziwa?

Chachiwiri chinali mchere. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina kuti amuthirire. Mwezi ndi mwezi Lydia ankaitana chapansipansi kuti, "Ama, bwerani mudzandithirire," ndipo NyaMphande ankabwera osafunsa kanthu. Tsiku lina akutola usipa pathandala anaima chilili, n'kuyamba kuwerenga zala. Miyezi inayi inali itadutsa asanaitanidwe. Atatembenuka anaona mkamwana wake akubwera ndi mtsuko pamutu, mimba ili patsogolo.

Mtima unamuwawa ngati wapondedwa. Anamufunsa, Lydia anakana. Anamufunsanso mawa lake, Lydia analira n'kukananso. Kuyambira tsiku limenelo NyaMphande anasiya kumutchula kuti mkamwana wanga, anayamba kumuti "inu NyaKamanga", ulemu wozizira umene munthu amapatsa mlendo amene sakumufuna. Ndipo chifukwa cha ukali ndi manyazi analumbira mumtima kuti mimba yachigololo imeneyo sadzaikhudza ndi dzanja lake.

Nkhani yotere siichedwa kufika kwa akulu a mpingo. Mkulu woyang'anira dera lawo anali Yakobe Chimbano, amene anagwirapo ukalaliki ku Bulawayo ndipo anabwerako ndi jekete, wotchi ya unyolo ndi chizolowezi choyamba mawu alionse ndi kutsokomola. Mgonero ukayandikira, ndiye ankayenda nyumba ndi nyumba kugawa makhadi, chifukwa wopanda khadi sakhala pa gome la Ambuye. Ulendo uno anafika pakhomo, natsokomola, napereka moni wa Chitonga cha kwawo.

"Timuoneni, ama."

"Yewu, ada."

Anatulutsa khadi limodzi lokha, la NyaMphande. La Lydia linatsala m'thumba la jekete. Sabata lotsatira sesheni, bwalo la akulu a mpingo lija, inakhala pansi, ndipo Lamulungu abusa analengeza pamaso pa anthu onse kuti Lydia NyaKamanga wadulidwa mpaka ataulula tchimo lake. Yakobe, pokhala mlembi, analembera Killion kalata. Yankho linabwera patapita miyezi iwiri, mizere iwiri yokha: akachira mumubweze kwawo, ine ndilibe mkazi.

Aliyense anayamba kudikira. Mwana akabadwa nkhope yake idzatchula bambo wake, anatero anthu. Miyezi isanu ndi inayi inakwana, zii. Wa khumi unadutsa, zii. Wa khumi ndi umodzi utaoneka, palibe amene anadabwa, poti yankho linalipo kale lokonzeratu: ndi mapinga. Mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina, mwana amakana kutuluka mpaka mayiyo atatchula dzina la mwamunayo. NyaMphande yekha anali atakakamiza akazi ambiri kutchula maina m'chikuta, thukuta lili kamukamu, ndipo ankakhulupirira kuti anawapulumutsa.

Tsono masana ena anaitana mzamba mnzake, Rebecca, natseka chitseko. Lydia anali pamphasa, atatsamira khoma.

"Inu NyaKamanga," anatero NyaMphande, "mufa nacho chinthu ichi. Tchulani dzina, mwana atuluke. Kaya ndi msodzi, kaya ndi mphunzitsi, ife tamva zambiri, sitidabwa."

Lydia anaweramitsa mutu.

"Tchula, mwanawe," anatero Rebecca. "Ngakhale awiri, tchula onse."

Lydia anakweza nkhope yake yotupayo. "Ama, ngati mukufuna dzina, lembani Killion, mwana wanu. Lina ndilibe. Ndikatchula munthu wosalakwa kuti mundisiye, Mulungu ndidzamuuza chiyani?"

NyaMphande anapsa mtima. Anamugwira pamkono kuti aimirire, koma Lydia sanathe. Anayesa, miyendo inakana, mpaka anachita kukwera mzati wa nyumba ndi manja ngati nkhalamba. Rebecca anapukusa mutu n'kumapita.

M'mawa mwake NyaMphande anaona mkono uja. Zala zake zinayi ndi chachikulu chomwe zinali zitadindika pakhungu, zakuda bii, ngati anamumenya ndi mtengo. Komatu sanamufinye kwambiri. Mkono womwewo, umene kale unkavina ndi munsi, unali utatsala ngati bango. Anayang'ana miyendo, nayonso timitengo. Mzambayo anadzifunsa funso limene akanadzifunsa miyezi yambiri yapitayo: ndi mimba yanji imene imadya miyendo ya mayi n'kunenepetsa nkhope?

"Gona chagada," anatero, ataiwala ulemu wozizira uja.

Anavundukula nsalu. Pamimba panali mizere ikuluikulu yofiirira, yotambalala ngati chala, ndipo inalinso m'ntchafu ndi m'khwapa. Mizere ya azimayi oyembekezera ankaidziwa bwino, iyi sinali imeneyo. Pachibwano panali titsitsi ngati ndevu zongoyamba. Kuseri kwa khosi kunali mafuta otukuka ngati linunda la ng'ombe. Ndiyeno anaika manja ake pamimba, manja omwe aja a mbiri. Anafufuza mutu, palibe. Anafufuza msana, palibe. Anakanikiza pansi pa mchombo pamene chiberekero chimakwera, napeza kuti chili pamalo pake, chaching'ono, chopanda kanthu. Munali mafuta okhaokha.

Anakhala pansi n'kugwira pakamwa. Manyazi amene anamva tsiku limenelo anaposa a tsiku la kulengeza m'tchalitchi. Iye, Christina NyaMphande, anaweruza mimba ndi maso ngati mayi wamba wa pachitsime.

"Mwana wanga," anatero, "mulibe munthu umu."

"Ndinakuuzani, ama," anayankha Lydia, misozi ikulowa m'makutu.

Tsiku lomwelo anapita kwa Yakobe. Mkuluyo anamvetsera, natsokomola, nati mayi aliyense amafuna kuphimba manyazi a pakhomo pake, ndipo sesheni singasinthe chigamulo chifukwa cha mawu a apongozi. Poti mimba ikuoneka, ndipo mkaziyo sakusamba, china n'chiyani?

"Chabwino, ada," anatero NyaMphande. "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipita ndekha kwa odziwa."

Unali ulendo wa masiku anayi. Anakwera lole mpaka ku Nkhata Bay, sitima ya pamadzi kulowera kumpoto, kenako lole ina yokwera phiri mokhotakhota mpaka ku chipatala cha mishoni. Paliponse pokwera, NyaMphande ankachita kumukankha Lydia kumbuyo, chifukwa miyendo inkalephera ngakhale sitepe imodzi. Anthu ankawapatsa malo n'kumati, "Pepani, masiku akwana eti?"

Kuchipatalako anakumana ndi Gresham Kaluwa, wothandiza dokotala, munthu wa ku Usisya wolankhula chinenero cha kwawo. Iye pamodzi ndi dokotala wachizungu anamuyeza Lydia masiku atatu. Anamumanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, anatenga mkodzo n'kuuwiritsa m'kabotolo mpaka unasintha mtundu, anamuuza kuti anjute pansi aimirire osagwira kanthu. Tsiku lachitatu Gresham anatuluka ndi buku lalikulu, nakhala pabenchi pafupi ndi NyaMphande.

"Ama, manja anu sananame. Mimba palibe, ndipo sinakhalepo."

"Zimenezo ndikudziwa. Ndiuzeni chatsitsa dzaye."

Gresham anaseka pang'ono, natsegula buku. Panali chithunzi cha mzungu wamkazi, nkhope yozungulira, mimba patsogolo, miyendo timitengo, mizere pamimba. NyaMphande anatulutsa maso. Anali Lydia weniweni, khungu lokha ndiye losiyana. Gresham anatembenuza tsamba. Panali chithunzi china, thupi lomwelo, koma uyu anali mwamuna wadazi.

"Nanga bambo awa," anafunsa NyaMphande pang'onopang'ono, "anawapatsa mimba ndani?"

"Funso limenelo mukawafunse a sesheni," anatero Gresham.

Ndiyeno anamufotokozera. Pamwamba pa impso iliyonse, anatero, pali kanthu kakang'ono kobisala m'mafuta, kakulu ngati nyemba. Munthu ali nako, mbuzi ili nako. Tinthu tiwiri timeneti timadontheza madzi ena ake m'magazi, amene madokotala amawatcha kotizolo. Madziwo ndi ofunika, ndi amene amalimbitsa munthu pa njala, pa matenda ndi pa mantha, ndipo wopanda madziwo sakhala moyo.

"Ali ngati mchere m'ndiwo, ama. Pang'ono, ndiwo zimakoma. Koma mwa mkamwana wanu muli dzanja limene likuthira osaleka, usana ndi usiku."

Madziwo akachuluka, anapitiriza, amadya mnofu wa m'manja ndi m'miyendo, mafuta n'kukaunjikana kumimba, kunkhope ndi kuseri kwa khosi. Khungu limapyapyala, ndiye limang'ambika mizere ndipo limada munthu akangoligwira. Mkazi amasiya kusamba, ndevu zimamera, shuga amatuluka mu mkodzo, magazi amathamanga. Nthawi zina cholakwa chimakhala mu kanyemba komweko. Nthawi zina chimakhala mu kanthu kena pansi pa ubongo, kamene kamalamula tinyembato ngati kapitawo wosalola antchito kuweruka.

NyaMphande anamuuza kuti abwereze. Gresham anabwereza. Kenako iye ananena yekha zonsezo kuyambira pachiyambi, akuwerenga pa zala, Gresham akumukonza pamene waphonya, mpaka anazigwira ngati katekisimu. Atatha anafunsa za mankhwala.

Gresham anatseka buku. "Kuno kulibe, ama. Kunja akuti ayamba kung'amba n'kuchotsa tinthuto, koma ndi kutali kumene ife sitingafike. Tikupatsani malangizo a zakudya, ndipo mabala muziwasamala chifukwa sapola msanga. Koma sindikunamizani. Dokotala akuti mwina zaka ziwiri, mwina zitatu."

NyaMphande sanalire pamenepo. Chimene chinamubwerera m'mutu chinali china. Munthu wodulidwa mu mpingo akamwalira, mpingo suimba pa maliro ake. Abusa sabwera, amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, savala zoyera, mtembo umapita kumanda mwakachetechete ngati wa wakuba. Lydia, amene anaimbira maliro a Kande yense, akanapita opanda nyimbo, ndipo dzina lake likanatsala la mkazi wachigololo mpaka kalekale. Imfa sakanatha kuitchinga, koma ichi chokha anati ayi.

Anabwerera ndi kalata ya dokotala. Yakobe anaiwerenga atavala magalasi, naibwereza, natsokomola kawiri.

"Kalatayi ikuti tsiku limene anamuyeza analibe pakati. Sikunena za miyezi ya m'mbuyo. Ulendo wa masiku anayi ndi wautali, ama, ndipo inu ndinu mzamba. Anthu akunena kale kuti zinthu zinakonzedwa panjira. Mawu enawa ndi Chizungu cha madokotala, ngakhale ine sindingawamasulire."

Kumunena kuti anachotsa mimba! NyaMphande anamva magazi akuwira mpaka m'makutu, koma anameza mawu. Anangopempha kuti sesheni ikakhala Loweruka, amulole kulankhula. Abusa anavomera.

Pakhomo panali mbuzi imodzi, tonde wonenepa amene ankamusungira Killion kuti adzaphedwe tsiku lobwera. Loweruka m'mamawa NyaMphande anaitana mlongo wake Jobe.

"Ipha."

"Mbuzi ya mwana? Wapenga kodi?"

"Ipha, koma impso usazikhudze. Ndichotsa ndekha."

Jobe atatumbula, NyaMphande anagwada n'kulowetsa manja. Kunena zoona, mtima unali m'mwamba. Bwanji ngati kanthuko kali m'buku mokha? Anapatula mafuta pang'onopang'ono ndi zikhadabo, monga ankafufuzira mutu wa mwana, ndipo chala chinagunda kolimba. Kanali pomwepo, kotuwira, chakumtunda kwa impso, kakulu ngati nyemba. Anafufuza mbali inayo napezanso kena. Jobe, amene anapha mbuzi zosawerengeka pa maukwati ndi pa maliro, anayang'ana n'kunena kuti, "Kameneka kachokera kuti?" NyaMphande anaseka koyamba m'miyezi yambiri. Anadula impso imodzi pamodzi ndi mafuta ake, naikulunga m'tsamba la nthochi.

Sesheni inkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, akulu asanu ndi atatu ndi abusa, buku la Yakobe lili patebulo. NyaMphande analowa atavala bulauzi yake yoyera ya Umanyano, nagwada, napereka moni, kenako anaika tsamba lija pafupi ndi bukulo n'kulitsegula. Yakobe anakoka buku lake msangamsanga.

"Ada abusa, ndi inu akuluakulu," anayamba, "woyamba kulakwa pa nkhani iyi ndine. Ndine ndinawerenga miyezi ya mchere. Ndine ndinakana kumugwira mwana uja miyezi yonseyi, n'kumamukakamiza kutchula dzina limene kulibe. Ngati pali wodulidwa, muyambe ndi ine. Tsopano ndifunse. Ichi n'chiyani?"

"Impso ya mbuzi," anayankha mkulu wina wachikulire, msodzi.

"Mwapha mbuzi zingati pa moyo wanu, ada?"

"Ndingawerenge?"

"Nanga aka n'kachiyani?"

Anapatula mafuta n'kuonetsa kanyemba kaja pa nsonga ya chala. Msodziyo anaweramira pafupi. Ena anadzuka m'mipando. Tsambalo linayenda dzanja ndi dzanja, ndipo aliyense anakanikiza kanthuko n'kupukusa mutu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakaonapo.

Apo NyaMphande anayamba katekisimu wake, ndipo sanaphonye ngakhale liwu. Ananena za madzi odontha m'magazi, za mchere wothiridwa osaleka, za mnofu wodyedwa ndi mafuta osamuka, za khungu lopyapyala, za kapitawo wa pansi pa ubongo. Ananena za mzungu wamwamuna wadazi wa m'buku, nafunsa sesheni kuti ameneyo angadulidwe pa mlandu wanji. Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Akazi anu abereka ana asanu, ena khumi," anapitiriza. "Ndani mwa inu anaona mkazi wake akumera ndevu chifukwa cha pakati? Ndani anaona linunda pakhosi? Ndani anaona mimba ya miyezi khumi ndi iwiri, ndipo ikadalipo lero, mukhoza kupita kukaiona? Mukuti ndinachotsa panjira. Ndinachotsa chiyani, poti mimbayo sinaphwe?"

Kenako anatembenukira kwa Yakobe, nalankhula mofatsa.

"Ada Chimbano, mbuzi mumaisenda nokha, mumaitumbula nokha, masana dzuwa likuwala, ndipo kanthu aka simunakaonepo zaka zonsezi. Nanga za m'mimba mwa mkamwana wanga, wovala nsalu zake, munaziona bwanji?"

Yakobe anatsegula pakamwa, koma ngakhale chifuwa chija sichinabwere. Abusa, munthu wosachulutsa mawu, anayang'ana kanyembako nthawi yaitali.

"Ama, mukufuna tichite chiyani?"

"Mwanayo sakhalitsa, adokotala anena. Ndikufuna khadi lake. Ndipo dzanja limene linalembera mwana wanga kalata yoyamba lilembe yachiwiri, ndiimve ndi makutu anga isanamatidwe."

Anamutulutsa kuti akambirane. Sanachedwe. Yakobe yemweyo ndiye anatuluka kudzamuuza kuti sesheni yavomera, ndipo kuti popeza wodwalayo sayenda bwino, iye abweretsa khadi kunyumba mwakachetechete, abusa n'kudzamupatsa Mgonero komweko.

"Yewu, ada, koma ayi," anatero NyaMphande. "Munamuchotsa pamaso pa anthu. Mumubwezere pamaso pa anthu."

Lamulungu la Mgonero tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo, chifukwa nkhani ya impso inali itafika ku Chintheche. Kuchokera kunyumba mpaka kutchalitchi unali mtunda wa mchenga wokhawokha, ndipo Lydia anatopa asanafike theka. Jobe anati abwereke machira. NyaMphande anakana. Anawerama, namuuza kuti akwere, namumanga ndi nsalu kumsana.

"Ama, ndikulemera," ananong'ona Lydia. "Anthu aseka."

"Aseke. Anaseka chaka chathunthu, mano sanawathere."

Analowa naye pakhomo lalikulu, osati la m'mbali, mayi wa imvi atanyamula mkazi wamkulu, thukuta likutsika pa bulauzi yoyera, mutu uli m'mwamba. Anayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo, ndipo palibe amene anaseka. Abusa anaimirira nanena kuti sesheni inalakwa, kuti Lydia NyaKamanga ndi wodwala osati wochimwa, ndipo mpingo ukumupempha kuti aukhululukire. Yakobe anatsika, natulutsa khadi m'thumba lomwe lija la jekete, nalipereka ndi manja awiri. Rebecca anali woyamba kusendera kuti Lydia akhale.

Killion anafika patapita miyezi itatu, kalata yachiwiri ili m'thumba. Ataona mkazi wake sanamuzindikire, ndipo atamuzindikira anagwada pakhomo n'kulira ngati mwana. Amayi ake anamusiya alire mokwanira, kenako anamuuza kuti mbuzi yake inadyedwa kale, ndipo ngati akufuna kudziwa chifukwa chake akhale pansi amve. Anamuphunzitsa katekisimu yense, pa zala. Ku Joni sanabwererenso nthawi yonse imene Lydia anali moyo.

M'chikuta namo zinthu zinasintha. Mwana akachedwa kutuluka, akazi achikulire n'kuyamba kunong'ona za mapinga, NyaMphande ankawatulutsa panja. "Dzina ndinalifunsa kamodzi kwa munthu amene analibe," ankatero, "sindidzafunsanso." Zikavuta ankatumiza uthenga kuti abwere ndi machira apite kuchipatala.

Lydia anakhala zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Anamwalira nthawi yokolola mpunga, chilonda cha pamwendo chitakana kupola. Pa maliro ake abusa anabwera ndi mkanjo wawo, akulu a mpingo ananyamula bokosi mosinthana, Yakobe ali kutsogolo jekete atavula. Amayi a Umanyano anachokera m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, zoyera zokhazokha kuyambira pakhomo mpaka kumanda.

Atafika pokhotera kumanda, nyimbo inatha ndipo amayi anayamba kuyang'anana kuti ayambitse ndani, poti woyambitsa wawo wa kale ndi amene anali m'bokosimo. NyaMphande mawu ake anali okalipira ana ndi kuitanira nkhuku, sanayambitsepo nyimbo chibadwire. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, nakweza mutu, nayambitsa yekha, mokweza ndi mokhota, kuti ndi a tsidya la msewu amve kuti amene akupitayo ndi mkamwana wake. Mpingo wonse unalandira.